Aristotle ndi Dzira la Nkhuku

Pa Ulongwe, m'mbali mwa mseu wochokera ku Liwonde kunka ku Mangochi, palibe mudzi wopanda nkhuku. Mai aliyense wa m'dziko la Mfumu Kalembo adziwa kuti thadzi likayamba kufungatira mazira papita masabata atatu, ndipo pa tsiku la 21 anapiye aswa. Adziwanso kuti mazira ena saswa konse, angosukusa, ndi kuti dzira losungidwa m'nyumba pa nyengo ya dzuwa la Okutobala silichedwa kuonongeka. Koma zimene zichitika m'kati mwa chigoba masiku onsewo palibe aziona. Cholowa pansi pa thadzi ndi chinthu chamadzimadzi, choyera ndi chikasu basi. Chotulukamo chili ndi mlomo, maso, nthenga, zikhadabo ndi kaliu kolirira make. Tsono funso ndi ili: kodi kamwanapiye kanali kale m'dziramo, kathunthu koma kakang'ono kosaoneka ndi maso, nikangokula? Kapena ziwalo zake zipangika chimodzichimodzi pamene panalibe chiwalo chilichonse?

Mmodzi wa anthu oyamba kuyankha funso limeneli m'buku anali Aristotle, wanzeru wa dziko la Greece, amene anabadwa chaka cha 384 namwalira chaka cha 322 Yesu asanabadwe. Iye analemba m'Chigriki mabuku ambiri a zolengedwa. Awiri mwa iwo, amene ophunzira awadziwa ndi maina a Chilatini akuti Historia Animalium ndi De Generatione Animalium, afotokoza m'mene nyama zibadwira. Kwa zaka pafupifupi 2,000 aphunzitsi a ku Ulaya ndi a maiko a Aluya anali kulandira mau a m'mabukuwa monga anthu alandira chigamulo cha mfumu. Munthu amene wangophunzira kumene kuwerenga nayenso ali ndi mantha otero: chimene chasindikizidwa pa pepala achiyesa choona chifukwa chakuti chasindikizidwa. Koma mlembi ali ngati mboni pabwalo la milandu. Akulu a bwalo safunsa za kutchuka kwa mboni iai. Afunsa kuti, Kodi munaona ndi maso, kapena munangomva? Aristotle ayenera kufunsidwa motero, ndipo mboni ina yomvomereza kapena kumtsutsa siili kutali. Ili m'chisa kuseri kwa nkhokwe.

Zimene anaona ndi maso

Ulemu woyamba woyenera Aristotle ndi wakuti anaswa mazira nayang'anamo. Sing'anga wina wa Chigriki anali atalemba kale kuti munthu wofuna kudziwa za mwana wosabadwa aike mazira 20 kapena oposa pansi pa nkhuku, naziswa limodzi tsiku lililonse. Mau a Aristotle aonetsa poyera kuti ndi a munthu amene anaiona ntchitoyo. Analemba kuti atapita masiku atatu m'dzira muoneka kadontho ka magazi, ndipo kadonthoko kagunda ndi kudumphadumpha ngati chamoyo. Kameneko ndiko mtima. Kuchokera pamenepo mitsempha ya magazi iyanga uku ndi uku. Pa tsiku la 10 mwanapiye aoneka ndi ziwalo zake, mutu uli waukulu kuposa thupi lonse, maso ali otupa kwambiri. Pofika tsiku la 20 ayamba kulira akali m'kati mwa chigoba.

Zonsezi ndi zoona. Munthu wa pa Ulongwe akatenga dzira limene thadzi lafungatira masiku atatu, naliswera bwino m'mbale ya madzi ofunda, adzaona kadontho komweko kalikugunda pakati pa timitsempha tofiira. Chimene a masiku ano aonjezerapo ndi chakuti mtimawo uyamba kugunda pa tsiku lachiwiri, koma pa nthawiyo uli waung'ono ndi wotuwa, wosaoneka popanda mandala okuza zinthu, amene Aristotle analibe.

Pa zimene anaonazo iye anamangapo ganizo lake lalikulu, lakuti ziwalo sizipangika zonse pamodzi, koma zitsatana, china patsogolo china pambuyo. Anadziwa kuti wina adzamtsutsa nati, Ziwalo zonse zilimo kale, koma zina n'zazing'ono, chifukwa chake sizioneka msanga. Yankho lake linali lalifupi ndi lakuthwa: mapapo ndi aakulu kuposa mtima, koma aoneka mtima utaoneka kale, kukadakhala kuti chobisa ziwalo ndi kuchepa, bwenzi mapapo ali oyamba kuoneka. M'mabuku onse awiri palibe malo ena pamene maso ndi nzeru za mlembiyu zigwirizana bwino chotere. Ndi ganizo limene mlimi wosadziwa Chigriki angalitsate mpaka kumapeto ndi kuligwedezera mutu.

Kadontho kamene anakaphonya

Koma pa funso lakuti mwanapiye ayambira pati, mboniyo inaphunthwa. Aristotle analemba kuti mwanapiye apangika kuchokera m'choyera cha dzira, ndi kuti chikasu ndi chakudya chake chabe. Za timingoli tiwiri toyera topotana, tomangirira chikasu mbali iyi ndi iyo, ananena bwino kuti sitipanga mwanapiye, ngakhale anthu ena a nthawi yake anali kutiyesa mbeu. Ntchito yake ndi kugwira chikasu kuti chikhale pakati. Koma malo enieni oyambira moyo anawalumpha. Pa chikasu cha dzira lililonse pali kadontho koyera, kukula kwake ngati njere ya mapira. Amai ophika mazira akaona kawirikawiri osakasamala. William Harvey, sing'anga wa mfumu Charles I ya ku England, ndiye analemba m'buku lake la chaka cha 1651 kuti mwanapiye yense achokera pa kadontho kameneko.

Kuti munthu amvetse chimene chili m'kadonthoko ayenera kuyamba wadziwa mau amodzi achilendo. Thupi la chamoyo chilichonse, nkhuku, chambo, mbuzi, munthu, ngakhale chimanga, ndi lomangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Tizipindato titchedwa maselo, limodzi ndi selo. Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann a ku Germany anafalitsa chiphunzitso chimenechi m'zaka za 1838 ndi 1839, ndipo Robert Remak, poyang'ana miluza ya nkhuku ndi ya achule, anaonetsa kuti selo latsopano lipangika pamene selo lakale ligawika pawiri. Kusiyana kwake ndi njerwa n'kumeneko: njerwa siibala inzake. M'kati mwa selo lililonse muli kanjere kosunga malangizo a chamoyocho, ndipo selo lisanagawike, malangizowo ayamba akopedwa kuti maselo awiri atsopano alandire chimodzimodzi.

Chikasu chonse cha dzira, pamene chichoka kumene m'thumba la mazira m'mimba mwa thadzi, ndi selo limodzi lalikulu lodzaza ndi chakudya, ndipo kanjere kake kali pa kadontho koyera kaja. Mbeu ya tambala ikumana nacho pomwepo, choyera ndi chigoba zisanaikidwe. Ulendo wotsika m'njira ya mazira utenga maola ngati 25. M'maola amenewo kadonthoko kagawika pawiri, kenaka panai, kenaka pasanu ndi patatu, kunkabe m'tsogolo, koma chikasu chenicheni sichigawika, pakuti n'cholemera. Pamene thadzi litetera litaikira, kadontho kaja kali kale ndi maselo oposa 20,000. Dzira likazizira, ntchito iima, maselo nadikira. Ichi ndicho chifukwa chake thadzi likhoza kuikira mazira 10 kapena 12 m'masabata awiri, koma anapiye onse naswa tsiku limodzi kapena masiku awiri otsatana: onse anaima pa khomo limodzi, ndipo thadzi pofungatira linawatsegulira pamodzi. Dzira la nkhuku yopanda tambala nalo lili ndi kadontho, koma silingathe kukhala mwanapiye. Aristotle anawadziwa mazira otero, nawatcha mazira a mphepo.

Wofuna kuona kugawika kumeneku bwino apite ku thamanda mvula yoyamba itagwa m'mwezi wa Disembala, akatunge mazira a chule oikidwa usiku womwewo. Dzira la chule lili ndi chakudya chochepa, kotero ligawika lonse. Pamwamba pake paoneka kamzere konga mphini, nikalidula pakati. Pambuyo pake kamzere kena kadutsa chopingasa. Mwa chule wa m'madzi wa zikhadabo zakuda ku mapazi, amene ophunzira amutcha Xenopus laevis, kugawika koyamba kuchitika patapita ola limodzi ndi theka, ndipo kotsatira kubwera pa theka la ola lililonse. Kukachitika ka 12, maselo afika ngati 4,000, koma kampira konseko sikanakule kuposa dzira lija. Kuli ngati mai wogawa chigumu chimodzi kwa ana ambiri: zidutswa zichuluka, chilichonse nichichepa. Mazira a chambo cha m'nyanja ya Malombe, amene make awasunga m'kamwa mwake, atsata njira ya nkhuku, pakuti nao ali ndi chikasu chochuluka.

Amene anadza ndi mandala

Munthu angayembekezere kuti mandala okuza zinthu atapangidwa, mlandu unatha msanga mokomera Aristotle. Sizinatero ai. Chaka cha 1672 Marcello Malpighi wa ku Bologna, m'dziko la Italy, anatumiza ku London zithunzi za mluza wa nkhuku zimene anajambula ndi dzanja poyang'anira m'mandala. Zithunzizo n'zokongola ndi zolondola kufikira lero. Koma iye ananenanso kuti anaona chiyambi cha mwanapiye m'dzira limene thadzi linali lisanafungatire. Anthu ambiri ophunzira anatenga mau amenewa nati, Si izo! Mwanapiye alimo kale, kufungatira kungomkuza.

Chimene chinasokeretsa anthuwo mai wa pa Ulongwe achidziwa. Malpighi anayang'ana dzira lija m'mwezi wa Ogasiti, nthawi imene ku Bologna kutentha koopsa. Dzira lifuna kutentha kwa madigiri ngati 38 kuti likule bwino, koma siliyembekeza madigiri onsewo kuti liyambe. Mpweya wa m'nyumba ukatentha kwambiri maselo adzuka okha nayamba ntchito mosalongosoka. M'chigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala kutentha kwa masana kupitirira madigiri 30, ndipo dzira lokhala pansi pa denga la malata lifungatiridwa ndi dzuwa. Usiku lizizira, m'mawa liyambanso, mpaka mluza ufooka nufa. Malpighi sananame pa zimene anaona. Cholakwa chinali kuyesa kuti dzira limene thadzi silinakhalire ndi dzira limene silinayambe kanthu.

Kuchokera pamenepo maganizo anathamanga kusiya maso m'mbuyo. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland atanena chaka cha 1677 kuti m'mbeu ya mwamuna muli tinthu tamichira tosambira, Nicolaas Hartsoeker anajambula chaka cha 1694 kamunthu kokhala chonjata m'mutu mwa kamodzi ka tinthuto. Iye sananene kuti anakaona, anangoti kayenera kukhalamo. Ena anaphunzitsa kuti kamunthu kali m'dzira la mkazi, ndi kuti m'kati mwa kamunthuko muli timazira tokhala ndi tianthu tina, motero mibadwo yonse inalongedzedwa m'mimba mwa Hava monga madengu aang'ono alowa m'madengu aakulu. Anthu ameneŵa sanali opusa. Anali kuthawa funso lovuta limene Aristotle sanaliyankhe mokwanira: ngati m'dzira mulibe maonekedwe a nkhuku, n'chiani chiuza dziralo kuti lipange nkhuku, lisapange bakha?

Amene anabweza mlandu m'njira yake ndi Caspar Friedrich Wolff, m'buku la chaka cha 1759 ndi m'zolemba zake za 1768 ndi 1769. Iye anabwerera ku dzira nalilondola ola ndi ola. Anaona kuti matumbo a mwanapiye sayamba ngati timatumbo tating'ono. Ayamba ngati kansalu koyalika, ndipo kansaluko kapindika m'mbali mpaka milomo yake ikumana, monga munthu akulunga mphasa. Chinthu chimene munthu wachiona chilikupindika sanganene kuti chinali chopindika kale. Chaka cha 1817 Christian Pander anaonetsa kuti kadontho ka pa chikasu kasanduka timiyalo titatu tosanjikizana.

Zochitika pa tsiku loyamba la kufungatira n'zoyenera kuzifotokoza pang'onopang'ono, pakuti ndi pomwe pagona nkhani. Pakati pa kadontho paoneka kamzere konga ngalande. Maselo a pamwamba ayenda chamagulu kunka ku kangalandeko, nalowa pansi, namwazikana. Otsala pamwamba adzapanga khungu, nthenga, bongo ndi mitsempha ya kumva. Okhala pakati adzapanga mnofu, mafupa ambiri, impso, mtima ndi magazi. Otsikira pansi penipeni adzapanga m'kati mwa matumbo, chiwindi ndi mapapo. Pamenepo muyalo wa pamwamba upindika nupanga kamtsempha kabowo, ndiko chiyambi cha bongo, fupa la msana likalibe. M'mbali mwake mutuluka timibulu tiwiritiwiri tondandalika ngati mikanda, tiwiri tatsopano pa ola limodzi ndi theka lililonse. Timeneto tidzakhala mafupa a msana, nthiti ndi mnofu wake. Viktor Hamburger ndi Howard Hamilton chaka cha 1951 anagawa ulendo wonse wa masiku 21 m'masitepe 46, ndipo ophunzira atsatabe chiwerengero chao. Apa Aristotle apezeka wolakwa pang'ono: mtima si woyamba kupangika, pakuti chiyambi cha bongo chiutsogolera, uli woyamba kugwira ntchito. Koma pa chachikulu chija, chakuti ziwalo zitsatana, dzira limvomereza kotheratu.

Ana a mai mmodzi, ntchito zosiyana

Latsala funso lija limene linavuta onse. Maselo onse a mwanapiye ndi zidzukulu za selo limodzi. Nanga zitheka bwanji kuti lina likhale la nthenga, lina la magazi, lina la diso loonekera ngati madzi?

Wilhelm Roux anaganiza kuti malangizo agawidwa monga chuma cha masiye, uyu atenga khasu, uyu atenga mbuzi, palibe wotenga zonse. Chaka cha 1888 anatenga dzira la chule litangogawika pawiri, nabaya selo limodzi ndi singano yamoto. Selo lotsala linapanga theka la mluza, ndipo Roux anakhutira. Koma chaka cha 1891 Hans Driesch anatenga mazira a kanyama ka m'nyanja yamchere kokhala ndi minga thupi lonse ngati kanungu, nawagwedeza m'botolo mpaka maselo awiri oyamba analekana. Selo lililonse linapanga kamwana kathunthu, kochepa msinkhu koma kosasowa chiwalo. Pambuyo pake kunadziwika kuti selo lakufa la Roux, pokhala chikanirire pa linzake, ndilo linali kuliletsa; ena atalichotseratu, lotsala linapanga mluza wathunthu. Mapasa ofanana nkhope ngati munthu mmodzi abadwa mwa njira yonga imeneyi, mluza umodzi utagawika pawiri ukali waung'ono.

Ngati selo lililonse lili ndi zonse, chilisankhira ntchito n'chiani? Chaka cha 1924 Hans Spemann ndi Hilde Mangold a ku Freiburg anafalitsa zimene anapeza pa tinyama ta m'madzi tonga abuluzi, ta fuko la achule. Mai Mangold anadula kachidutswa pa mlomo wa kabowo kamene maselo alowera m'kati, nakasomeka pa mimba ya mluza wina. Pamalopo panamera msana wachiwiri ndi chiyambi cha bongo wachiwiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti maselo ambiri a thupi lachiwirilo anali a mwini mimba, amene akadakhala khungu chabe. Mlendo uja anawauza chochita, iwo namvera. Tsono selo lidziwa ntchito yake pomva uthenga wa anansi ake ndi poona malo amene lakhala. Uthengawo ndi timadzi ta mankhwala timene maselo atulutsa, tochuluka pafupi ndi totuluka, tochepa patali.

Umboni wotsiriza unachokera kwa chule wa mu Afrika. Chaka cha 1962 John Gurdon wa ku Oxford anachotsa kanjere m'selo la m'matumbo a mbululu ya Xenopus laevis, nakaika m'dzira limene kanjere kake kanali kataphedwa. Mazira ambiri analephera, koma ena ochepa anakula nakhala mbululu zosambira, zokhala ndi maso, mchira ndi mtima. Selo la m'matumbo linali lisanataye malangizo a diso. Kuli ngati kalasi ya sukulu ya kwacha imene aliyense ali ndi buku lomwelo lathunthu, koma uyu wauzidwa kutsegula tsamba 5, uyo tsamba 40. Selo la magazi liwerenga tsamba la chinthu chofiira chonyamula mpweya, selo la nthenga liwerenga tsamba la chinthu cholimba chopanga nthenga ndi zikhadabo, ndipo masamba ena akhala chitsekere. Bukulo ndi limene ophunzira alitcha DNA. Pa ntchito imeneyi Gurdon analandira mphotho ya Nobel chaka cha 2012.

Pamenepa otsutsa Aristotle aja apeza kachilungamo kao. M'dzira muli kanthu kale ndithu. Mulibe kamwanapiye, koma muli malangizo a kapangidwe ka mwanapiye, ndiwo aletsa dzira la nkhuku kuswa bakha. Aristotle anayandikira ganizo limeneli pamene ananena kuti m'mbeu muli mphamvu yoyambitsa ntchito zotsatana, iyi niutsa iyo. Mlandu waukulu ndi wakuti mphamvuyo anaipereka kwa yani.

Za mai ndi bambo

Apa ndi pamene mboni yathu ya Chigriki ileka kunena zoona ndi maso niyamba kunena za kwao. Aristotle anaphunzitsa kuti mwamuna yekha ndiye apereka maonekedwe ndi moyo, ndipo mkazi angopereka zomangira, ndizo magazi ake. Mwamuna anamfanizira ndi mmisiri wa matabwa, mkazi ndi mtengo wosemedwa. Penanso anati mbeu igwira ntchito monga utomoni wa mkuyu uundanitsa mkaka. Anafika ponena kuti mwana wamkazi abadwa pamene kutentha kwa bambo kwalephera kugonjetsa zomangira za mai. Palibe dzira limene linamuonetsa zimenezi. Anakhala m'mudzi umene akazi analibe mau pabwalo, ndipo anatenga mwambo wa mudziwo nauyesa chilengedwe. Choipitsitsa n'chakuti iye mwini anaona kuti ana ambiri afanana ndi amao, ngakhale ndi makolo a kuchikazi, koma m'malo mosintha ganizo lake anapotoza umboniwo nati kufananako ndi chizindikiro cha kulephera kwa mbeu. Wowerenga amene anakondwa ndi nzeru ya mapapo ndi mtima achita manyazi pofika pa masamba amenewa.

Chaka cha 1827 Karl Ernst von Baer anapeza dzira m'mimba mwa galu, kadontho kosaoneka bwino ndi maso, naonetsa kuti nyama zoyamwitsa nazo ziyambira m'dzira. Chaka cha 1876 Oscar Hertwig anafalitsa kuti anaona kanjere ka mbeu ndi kanjere ka dzira tilikuphatikana kukhala kamodzi. Malangizo aja akhala pa tiulusi totchedwa makromozomu. Nkhuku ili nato 78: tokwana 39 tichokera kwa tambala, 39 kwa thadzi. Munthu ali nato 46: 23 ta bambo, 23 ta mai. Woweta nkhuku sasowa mandala kuti avomereze izi. Thadzi lopanda nthenga m'khosi likakweredwa ndi tambala wakuda wa ku Mikolongwe wa khosi lodzaza nthenga, pakati pa anapiye padzapezeka a khosi lometeka ngati la make. Mtengo wosemedwa sukadapatsa mpando maonekedwe a mmisiri wina.

Ndipo ngati wina afuna kuyeza pa sikelo, mbali ya mai ndiyo ilemera. Dzira lipereka theka la malangizo, liperekanso chakudya chonse ndi zipangizo zoyambira ntchito. Mwa chule uja, kugawika konse kufikira maselo 4,000 kuyenda ndi katundu amene make anasungiratu m'dzira. Malangizo a mluza weniweni, a bambo ndi a mai pamodzi, ayamba kuwerengedwa kwenikweni pambuyo pake. Anthu a ku Ulongwe, Ayao ndi Anyanja, amene kwao mwana ndi wa mbumba ya kuchikazi, akadamseka Aristotle akadamumva. Koma nao asathamangire kunena kuti dzira lagamula mokomera mwambo wao, pakuti theka lija la bambo lili m'selo lililonse la mwanayo kufikira imfa yake.

Za kubadwa kwa wamwamuna kapena wamkazi, Aristotle analemba kuti kaumbidwe ka dzira, kusongoka kapena kubulungira, kaonetsa ngati mudzatuluka tambala kapena msoti. Iyi ndi mphekesera ya pamsika, ndipo iye akadaiyesa ndi mathadzi awiri akadaitaya. Mwa nkhuku chosankha chili m'dzira la thadzi, pakuti thadzi ndilo lili ndi tiulusi tiwiri tosiyana. Mwa anthu chili m'mbeu ya bambo, kotero mwamuna wodzudzula mkazi wake chifukwa chobala ana aakazi okhaokha alikuloza chala kolakwika. Chodabwitsa n'chakuti ganizo lija la kutentha, limene lili labodza pa nkhuku ndi pa munthu, lipezeka loona pa ng'ona za m'Shire, kum'mawa kwa Ulongwe m'nkhalango ya Liwonde. Ng'ona ikwirira mazira ake mumchenga kwa miyezi ngati itatu. Mchenga ukakhala wosafika madigiri 31 muswa zazikazi, ukakhala pafupi ndi madigiri 33 muswa zazimuna zambiri. Koma kutenthako ndi kwa dzuwa ndi mchenga, si kwa bambo, ndipo Aristotle sanganene kuti anaziona.

Kuona osaswa dzira

Masiku ano munthu sayenera kupha mwanapiye kuti aone zimene Aristotle anaona. Atenge tochi ndi kapepala kolimba koboola pakati. Usiku m'nyumba yamdima, thadzi litafungatira masiku asanu kapena asanu ndi awiri, atenge dzira limodzi, aliike pa kabowoko cha ku mbali yake yaikulu, naunike. Dzira la chigoba choyera lioneka bwino kuposa lofiirira. M'dzira lamoyo adzaona kanthu kakuda pakati, ndi timitsempha tofiira totuluka pamenepo ngati miyendo ya kangaude. Akadikira pang'ono osagwedeza dzanja, kanthuko kadzasuntha kokha. Akaona mkombero wofiira wopanda timitsempha, mluza unayamba koma unafera m'njira, monga zichitikira ndi mazira okhalitsa pa dzuwa la Okutobala. Dzira loonekera mbee, lopanda kanthu, ndi lija la mphepo. Alichotse msanga lisanasukuse ndi kuphulikira anzake. Lamoyolo alibweze pansi pa thadzi lisanazizire.